Benchi Limodzi ndi Apongozi

Mabwana a kuboma atabwera ndi nzeru zawo zatsopano, a Lyness, namwino wa pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi Chia, anangoti kukamwa yasa. Akuti odwala onse, kaya wa shuga, wa BP, wa ma ARV, azibwera tsiku limodzi, kukhala pamzere umodzi, n'kulandira mankhwala pawindo limodzi. Khomo lakuseri litsekedwe, ati limalimbikitsa tsankho. Zokoma kumva zedi, makamaka ukamazinena uli m'galimoto yotseka magalasi.

Komatu khomo lakuserilo n'limene ankalowera a Rashidi, msodzi wa usipa. Ankati akakocheza bwato, n'kuzembera kuseriko, kulandira ma ARV awo, n'kubwerera munthu asanawaone. Tsiku loyamba la dongosolo latsopanoli anafika n'kupeza pabenchi pali apongozi awo aakazi, akudikira mankhwala a BP. Mkamwini wake uti angakhale benchi limodzi ndi apongozi? Ndi panjira pomwe amapatukirana. Nanji dzina lako kuitanidwa pawindo, botolo n'kumachita phokoso m'thumba, apongozi ali pomwepo! A Rashidi anatembenukira pageti, osabweranso.

A Lyness zinawapweteka mumtima. Anapempha mabwanawo kuti bamboyo azibwera tsiku lina, anawayankha kuti tsiku ndi lomwelo basi. Anapempha kuti aziwapititsira mankhwala kudoko, akuti mankhwala satuluka pageti, ndi lamulo. Anapitabe chimanjamanja kukawanyengerera. A Rashidi anangoseka mwamanyazi, n'kunena kuti adzabwera apongozi akachira. BP yake iti imachira? Mmene mwera unkayamba, munthu anali atatheratu, chifuwa chosamugonetsa, nkhafi yomwe yomukanika kunyamula.

Mabwana aja anabweranso kudzayendera ntchito ya manja awo. Anaima pakhonde akugwedeza mitu mokhutira, ndipo wamkulu wawo anayamikira kuti mzere wafupika, anthu sakudikiranso nthawi yaitali ngati kale.

A Lyness anali atadziuza kuti lero satsegula pakamwa, ntchito n'kuisamala. Koma anatembenukira kwa wamkuluyo.

"Wafupikadi, bwana," anatero. "Mmodzi tinakamuika dzana. Apongozi ake ndi awo ali pabenchiwo. Abwera kudzayezetsa BP, yakwera ndi maliro."