Seva ya Bambo Leston Yosakana Mlendo

Bwana wa kampani yogulitsa mbewu ndi feteleza ku Biwi sanapsatire mawu. Anauza Ireen, mtsikana woyang'anira makompyuta amene anali pa ntchito yoyeserera, kuti mashopu a ku Kawale, Chinsapo ndi Nsungwi akapanda kulandira maapudeti, zinthu zatsopano zokonzera mapulogalamu a pakompyuta, pofika Lachisanu, ulendo wake wathera pomwepo. Mvula inali pafupi, alimi atayamba kudzadza m'mashopu, ndipo pulogalamu yogulitsira inkakana kutseguka pa kompyuta yotsalira m'mbuyo.

Maapudetiwo ankayamba afika pa seva, kompyuta yaikulu ya ku ofesi, yomwe inkawakoka pa intaneti n'kugawira mashopu. Koma seva imeneyi, abale! Inkachedwa ngati minibasi yodikira kudzadza. Ikati isunthe pang'ono, magetsi thi, n'kuyambiranso poyamba.

Ireen anayeza intaneti, inali bwinobwino. Anasintha chingwe, koma ayi ndithu. Mtima unamuwawa kwambiri, poti kunyumba anali atauza kale mayi ake kuti ntchitoyi ndi yake.

Lachitatu anatsegula pamene seva imauzidwa zoti izikoka, ndipo anagwira pakamwa. Mabokosi onse osankhira anali ochongedwa: maapudeti a Chijapani, a Chiarabu, a Chirasha, mapulogalamu amene kampaniyo sinagulepo, ngakhalenso maapudeti akalekale amene ena atsopano anawalowa m'malo.

Anaitana Bambo Leston, amene anakhazikitsa sevayo asanawasamutsire kosungira katundu. Kwawo ku Area 25 bambowa ankadziwika ngati wapampando wa komiti ya ukwati uliwonse.

"Pepanitu bambo, ndinu munachonga zonsezi?"

"Eya, mwananga. Mlendo sakanizidwa. Tsiku lina tikadzalemba ntchito Mjapani, tidzachite manyazi?"

"Nanga akalewa?"

"Mayi ako amataya chigubu cha mafuta chikatha?"

Ireen akanatha kungofufuta mwakachetechete, koma kugumula zomanga munthu wamkulu iye ali pomwepo si khalidwe. Anawakokera mpando.

"Pa ukwati wa mwana wanu Queen, akwati anadya nthawi yanji?"

Bambo Leston anayang'ana pansi. "Sanadye. Mpunga unathera anthu oti sitiwadziwa n'komwe."

"Ndiyetu mashopu athuwa sanadye, bambo."

Bambo Leston anavala magalasi n'kugwira okha mausi ya kompyutayo. Anayamba kuchotsa zochongazo chimodzichimodzi, akudandaula ngati akuthamangitsa abale. Pa Chijapani anazengereza, Ireen n'kutsokomola, ndipo nacho chinapita. Panatsala Chingerezi ndi mapulogalamu amene kampaniyo inali nawodi. Ireen anasesa akale onse n'kuyambitsanso kukoka.

Sevayo inathamanga moti inamaliza magetsi asanazime. Lachinayi m'mawa Pauline wa kushopu ya ku Nsungwi anaimba foni akukuwa: "Yatseguka! Sisi, yatseguka, anthu akugula!" Ireen analumpha, n'kululuta ofesi yonse ikumuona, wopanda ndi manyazi omwe.

Lachisanu bwana anamugwira chanza n'kumuuza kuti ntchito ndi yake. Akutuluka kukakwera minibasi kuti akauze mayi ake, Bambo Leston anamuimitsa pakhomo.

"Mu Disembala akukwatira mwana wanga Chisankho. Pageti udzakhale iweyo. Ulendo uno akwati adye."