Pepala la Wamagalasi

Wamagalasi uja analonjeza pepala. Zaka zitatu zinatha pepala osaoneka, ndipo Namazira ankalitchula ngati mmene ena amatchulira msana wowawa, m'mawa podzuka ndi madzulo potseka benchi.

Namazira linali dzina la mumsika, poti benchi yake inali ya mazira okhaokha. Wamagalasi anali mphunzitsi wa ku koleji amene anabwera ndi kachojambulira mawu, n'kukhala pa kreti masana onse akufunsa amayi za malonda awo. Anati akamaliza kulemba adzabweretsera aliyense pepala, aone zimene ananena. Anasainitsa anthu mafomu, anagula thireyi imodzi ya mazira osanenerera n'komwe, basi n'kuzimirira.

Tsopano pepalalo linasanduka nkhani ya moyo. Mwezi wathawo a khonsolo anabwera ndi makwerero n'kudula mawaya onse a magetsi amene amayi a mzere wakumbuyo ankakoka kuchokera ku butchala. Mafiriji anazima, nkhuku za anthu zinaola, wabutchala anam'tsekera sabata ziwiri. Wina anamva kuti a khonsolo anawerenga za mawayawo m'pepala la ku koleji. Wina anakumbuka kuti Wamagalasi anakhalitsa pa benchi ya mazira. Komiti ya msika inati Lachinayi m'mawa Namazira akadziyeretse, akalephera benchi ipita kwa wina.

"Pakamwa panga ndimapadziwa ine," anauza mzime wake Lachitatu. Mtsikanayo ankaphunzira unamwino pa koleji yomweyo. "Za waya sindinanene. Unditengere kumene amasunga mapepala awowo."

"Amayi, masiku ano samasunga m'makabati. Zili m'kompyuta."

"Ndiye unditengere kwa kompyutayo. Ili ndi mano?"

Pakhomo pa laibulale mlonda anati chikwama chitsale pa shelefu. Namazira anamuyang'ana kuyambira nsapato mpaka chipewa.

"Chikasowa undilipira chiyani, yunifomu?"

Anachisiya komabe, atatulutsamo fomu ija. Inali itakhala m'chitini cha mabisiketi zaka zonsezo, ndipo m'mopinda munali mutayamba kung'ambika.

M'chipinda cha makompyuta munali zii, kumangomveka fani ndi zala. Mzime analemba nambala yake ya sukulu, tsamba la laibulale linatseguka, ndipo m'bokosi lalikulu la pamwamba analembamo mawu awiri a Chingerezi, msika ndi magetsi. Kunatuluka mndandanda wopanda mchira.

"Ndi angati amenewo?"

"Zikwi makumi anayi."

"Ndiye langa ndi liti?"

Mtsikana anatsitsa tsamba, n'kulikwezanso. Anavomera ndi mawu a pansi kuti iye amangodziwa bokosi limodzi lomwelo, ndipo amatenga zimene zabwera pamwamba.

"Zaka ziwiri ndikudzuka nkhuku zisanalire kuti udziwe bokosi limodzi. Kaitane mwini wake."

Woyang'anira laibulale anali mayi wa imvi za m'mbali, wovala juzi ngakhale kunja kunali ng'anjo. Anakoka mpando, n'kumvetsera nkhani yonse osadula. Kenako analoza timawu tating'ono pansi pa bokosi lalikulu lija, tomwe mzime anali asanatikhudzepo. Atatidina, panatseguka mabokosi ambiri, lina pansi pa linzake.

"Uku ndi kofufuzira mozama. Dzina la wolembayo ndani, amayi?"

"Wamagalasi."

"Pano a magalasi ndi theka la koleji. Ine ndemwe ndili nawo."

Namazira anatambasula fomu. Dzina la Wamagalasi linali losainidwa ngati nkhuku yapalasa, koma tsiku linkawerengeka. Woyang'anira anatsekera zaka, kuyambira chaka chimenecho kufika lero, ndipo zikwi zija zinatsika kufika mazana asanu ndi anayi. Anasankha zolemba za kafukufuku zokha, nyuzi ndi mabuku n'kuzisiya kunja. Kenako anaona kuti ambiri mwa otsalawo ankanena za misika ya mabanki, ndiye m'bokosi lina anauza kompyuta kuti amenewo iwachotse.

"Tsopano atsala makumi atatu."

Apa Namazira anakokera mpando pafupi. Ntchito imeneyi ankaidziwa. Ndi mmene amasankhira mazira akafika kuchokera ku famu: osweka uko, a bakha uko, ang'onoang'ono a ana asukulu uko.

"Chotsaninso, chemwali. Munthuyo anali wa pompano."

"Mwaphunzira msanga kuposa mwana wanu," anatero woyang'anira, akulemba dzina la koleji m'bokosi la kumene wolemba amagwira ntchito.

Anatsala awiri. Lina linali la misika ya ng'ombe. Linalo linali ndi kachithunzi ka loko pambali, ndipo linkangoonetsa ndime imodzi yokha.

"Loko wa chiyani? Mawu anga omwe andikhomere?"

"Anthu akunja amayenera kugula. Ife tinalipira kale monga laibulale, tilowera khomo lathu."

Anadina pena, loko anachoka, masamba makumi awiri anatseguka, Chingerezi chothinana ngati nyerere. Woyang'anira anaonetsa mzime kabokosi kofufuzira mkati mwa pepala lenilenilo. Mtsikana analembamo liwu la mazira. Kompyuta inalumpha mpaka tsamba la khumi ndi chimodzi, n'kupaka chikasu pamalo amodzi.

Mzime anawerenga chamumtima. Milomo inasiya kuyenda, koma maso sanachoke pa galasi.

"Iwe, wameza lilime?"

"Dzina lanu palibe, amayi."

"Eya. Si ndimanena?"

"Alemba kuti wogulitsa mazira, wamasiye, wa zaka makumi asanu ndi zinayi, wa ana asanu."

Mumsika monse wogulitsa mazira wamasiye anali mmodzi. Namazira anasendera pafupi ndi kompyuta.

"Wati chiyani wamasiyeyo?"

Mtsikana anamasulira pang'onopang'ono. Waya timakoka kwa wabutchala, mzere wonse. Iye ankafuna kutidula khosi, koma ine ndinakhala naye pansi mpaka anatsitsa ndi theka.

Ndipo Namazira anakumbuka. Sanali kuulula kanthu tsiku limenelo, anali kudzitama. Wamagalasi anagula thireyi osanenerera, iye n'kumuseka kuti mwamuna wamkulu sadziwa kutsitsa mtengo, ndiye anamupatsa chitsanzo cha wabutchala kuti aphunzire. Kachojambulira kanali pa thireyi pomwepo, kanyali kake kofiira kakuyaka.

"Pali zinanso," anatero mzime. "Mwati takhala tikupempha mita yathu zaka zisanu ndi chimodzi, makalata tinalemba atatu, palibe anayankha. Mwati atipatse magetsi oyenera tizilipira ngati anthu."

"Zimenezo a khonsolo sanazione?"

Woyang'anira anabwerera pa tsamba loyamba, pomwe pambali panali mndandanda wa onse amene anatchulapo pepalali m'zolemba zawo. Analipo anayi, ndipo lachinayi linali lipoti la khonsolo lonena za ngozi za moto m'misika. Analitsegula, n'kufufuzamo liwu lomwe lija. Anapeza mzere umodzi wokha, wa waya ndi wabutchala. Za mita ndi makalata munalibe.

Mnyamata wa pa kompyuta yoyandikana anali atasiya kulemba, ndipo Namazira atamuyang'ana anayambiranso msangamsanga.

"Chemwali, tiyeni tikambirane ngati akazi. Munachotsa a mabanki aja ndikuona. Chotsaninso mzere uwu."

"Sindinawachotse, amayi. Ndinangowabisa kuti tisawaone ife. Akadalipo."

"Ndiye ubiseni."

"Wina akatsegula kwina aupeza."

"Thireyi ziwiri mwezi uliwonse mpaka Khirisimasi. Akuluakulu, osankha ndekha."

"Ngakhale mutandipatsa famu yonse. Pepalali silikhala pano. Ife timangosuzumira pa windo."

"Zitatu."

"Amayi, anthu akumva," ananong'oneza mzime.

"Amve. Mumsika amva kale."

Anafunsa ngati Wamagalasiyo angapezeke, abwere yekha adzayankhe pamaso pa komiti. Woyang'anira anadina dzina lake. Zolemba zake zatsopano zinkaonetsa kuti anasamukira ku koleji ya dziko lina chaka chatha. Panali adiresi yolemberako uthenga, koma mawa m'mawa sakanafika, ngakhale atafuna.

Mzime anayandikira khutu la mayi ake.

"Tikhoza kunena kuti sitinalipeze. A komiti sadziwa mabokosi awa. Kapena tisindikize masamba ena, la khumi ndi chimodzi tilisiye. Makina amalola kusankha."

Namazira anaganiza za tcheyamani wa komiti, amene mdzukulu wake ankaphunziranso pa koleji pompo. Anaganiza za mayi wa nkhuku, mnzake wa zaka makumi awiri, amene anataya firiji yodzaza ndipo tsopano ankadutsa pa benchi yake nkhope itayang'ana kumbali. Bodza likanamusungira benchi mwezi umodzi, mwina iwiri. Choona chikanatha kumulanda mawa lomwe. Panalibe mtengo wabwino mbali zonse ziwiri, ndipo zimenezi n'zimene zinkamuwawa kwambiri, poti moyo wake wonse anali asanachokepo pa malonda osatsitsa kanthu.

"Mawu a mita ali tsamba liti?"

"Lomwelo, amayi. Pansi pake penipeni."

"Basi. Dzira silisweka theka." Anatembenukira kwa woyang'anira. "Sindikizani lonse. Ndi la khonsolo lija, tsamba limene anaba mzere wanga. Mawa uyu akawerenga mokweza, kuyambira pa waya mpaka pa makalata atatu, ndipo wina akamudula pakati ndithana naye ine."

"Ndili ndi kalasi mawa m'mawa."

"Odwala ako sanabadwe. Ukajomba."

Makina a pakona anayamba kulavula masamba. Namazira anaima pomwepo, kulandira limodzilimodzi likadali lofunda, n'kumawerenga manambala a pansi, poti manambala okha ndiwo ankawadziwa bwino. La khumi ndi chimodzi nalo linatuluka. Analiika pamodzi ndi anzake, mpaka makumi awiri anakwana.

"Ndiye ili ndi limene anakulonjezani," anatero woyang'anira, akulumikiza masambawo ndi sitepula.

"Ndi lomweli. Ndachita kudzalitenga ndekha, koma lakwana. Kwa iye ndilibenso mawu."