Bokosi la Nyambo la a Felton

Ku Kasakula kuli gulu la amuna asanu ndi atatu, ambiri a iwo opuma pa ntchito, amene amawedza nsomba pa damu lakale la esiteti ya fodya. Nyongolotsi sazikhudza. Amamanga nthenga za nkhanga ndi za tambala pa mbedza ndi ulusi, kuti nsomba iziyesa kachilombo kogwera m'madzi. Luso limeneli adabwera nalo a Enoki Chimphepo, ndipo ndiwo amasunga kiyi wa chipata cha damulo.

Kamodzi pachaka, mvula isanagwe, amunawa amasinthana nyambo zanthengazi. Aliyense amamanga zisanu ndi imodzi, naziika m'bokosi la machesi losalembedwa dzina, ndipo mabokosiwo amaikidwa pa tebulo kuti munthu atenge la mnzake. Mlendo amene bokosi lake lalandiridwa amalowa m'gulu. Amene lakanidwa sapondanso pa damu.

A Felton Kamwendo, amene adapuma pa ukalaliki chaka chatha, ankaufunitsitsa mpando pakati pa amunawo, pakuti masiku ankawatalikira pakhonde. Adaphunzira miyezi iwiri. Koma zala zawo zidazolowera cholembera, ndipo nyambo zawo zinkatuluka zonyankhalala ngati mwanapiye wonyowa. Kutatsala tsiku limodzi kuti asinthane mabokosi, adaziyala pamaso pa akazi awo, mai Ester, amene amasoka zovala pa msika.

"Kodi izi nsomba ingadye?" adafunsa a Felton.

"Ikakhala ndi njala yaikulu," adayankha mai Ester, osaimitsa makina.

"Musaseke, amake Tabita. A Enoki amayang'ana mfundo iliyonse ndi galasi lokulitsa zinthu."

"Pitani nazo choncho. Onsewo adayamba ndi zoipa."

"Ine sindingakachite manyazi pamaso pa anthu. Mundimangire ndinu. Ulusi ndi ntchito yanu."

Mai Ester adakana kawiri. Kachitatu adavomera, ndipo adamaliza zonse tiyi asanazizire.

M'mawa mwake amunawo adakumana m'chigafa cha a Enoki. Atavula zipewa ndi kupemphera, aliyense adatenga bokosi. La a Felton lidagwera kwa a Mose, amene kale anali mphunzitsi wamkulu. Iwo adalitsegula, nasuzumiramo, kenaka adalipereka ndi manja awiri kwa a Enoki. A Enoki adatulutsa galasi lawo nayang'ana nthawi yaitali.

"Zokongola izi," adatero. "Chiyambire gulu lino sindinaone mlendo womanga chotere. Mwini wake ndani?"

"Ndine, bambo," adayankha a Felton, nkhope ikuwala.

"Mwatichititsa manyazi akuluakulufe, a Kamwendo. Mwambo wathu ndi wakuti amene waposa anzake amamanga imodzi pamaso pa onse, kuti ena aphunzire. Khalani pano, pampando wanga."

Mwambo wotero padalibe, koma palibe adatsutsa.

A Felton adakhala pansi. Nthenga idapulumuka. Ulusi udaduka. A Enoki adawapatsa mbedza ina mwaulemu, ndipo imeneyo idawalasa chala chachikulu, magazi nadetsa nthenga ya nkhanga. Palibe adaseka. Onse adasendeza mipando pafupi.

"Musafulumire, aphunzitsi," adatero a Mose. "Ife okalambafe timachedwa kumva."

Mbedza yachinayi itagwa pansi, a Enoki adatambasula dzanja naonetsa batani la jekete lawo.

"Mfundo ya pa nyambo za m'bokosi lanu ndimaidziwa. Ilinso pa batani ili, limene adandisokera mai Kamwendo mwezi watha. Munthu sabisa dzanja lake pa ulusi."

"Ndidaopa kusekedwa, bambo," adatero a Felton, maso ali pansi.

"Tikadakusekani ndithu, kenaka n'kukupatsani mpando. A Mosewa adabwera ndi zooneka ngati tsache."

"Zoona," adavomera a Mose. "Tsache lothatha."

A Enoki adatseka bokosilo naliika m'thumba.

"Bokosi lalandiridwa, ndipo mwini wake walowa m'gulu. Mukawauze mai kuti Loweruka chipata chidzatsegulidwa dzuwa likamatuluka. Inu mudzawaperekeze ndi kuwanyamulira mpando kufikira pachipata. M'kati musadzalowe."

A Felton adaimirira, nathokoza monga adaleredwera, nayamba kutuluka. Asanafike panja, a Enoki adawaitana.

"A Kamwendo, inu mudali kalaliki, mukudziwa kuti uthenga umasokonekera m'njira. Taubwerezani timve."

A Felton adatembenuka, chipewa chili m'manja, chala chikudontha magazi, naubwereza uthenga wonsewo pamaso pa amuna asanu ndi atatu. Pamene adalumpha mawu a mpando, a Mose adawakumbutsa, ndipo adayambiranso poyamba.