Nsapato za Kumanzere

Mayi Liwiro anagona chagada, maso ali kudenga, mwendo wakumanzere utawongoka ngati ndodo. Anesi anali atawauza mawu osabwereza: osapinda mwendo, osadzuka, ndipo chifuwa kapena phwete zikabwera, agwire pamphechepeche pomwe panali bandeji.

"Phwete lichokera kuti muno, anesi?" iwo anafunsa.

"Sitidziwa, amayi. Ena limawapeza."

Dzina la Liwiro anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo, chifukwa kale akamapita kuntchito yawo yochapa zovala, palibe ankatha kuyenda nawo limodzi. Koma chaka chino mwendo unawagwira. Poyamba katumba ankawawa akangoyenda pang'ono. Kenaka phazi linayamba kuzizira ndi kuchita dzanzi, chala chachikulu n'kuyamba kuda. Adokotala sanabise mawu. Mtsempha wa magazi unali utatsekeka. Ayesa kuutsegula, koma zikakanika adula m'munsi mwa bondo.

Tsiku lomwe anamva zimenezo, Mayi Liwiro anafika kunyumba n'kutolera nsapato zawo zonse za kumanzere. Anakazikhuthula pathebulo la amuna awo, a Zigamba, omwe ankasoka nsapato pakhonde.

"Dulani izi zikhale zigamba," anatero. "Ndisamazionenso."

Lero m'mawa adokotala anagwira ntchito yawo mayiwo ali maso. Anabaya pamphechepeche n'kulowetsa kachubu kowonda ngati chingwe choyanikira zovala. Kunsonga kwake kunali kachipangizo kopala ndi kuyamwa zomwe zinatseka njira. Atatha anawaonetsa m'kambale: tizidutswa tachikasu, ngati totsala ta sopo. Tonseto sitikanadzaza supuni. Mayi Liwiro anachita manyazi kuti tinthu totere n'timene tinawagwetsa. Pomaliza adokotala anatseka bowo la mtsempha ndi kachitsekero kochepa ngati njere ya mpunga, kamene kamadzasungunuka kokha m'thupi.

"Njira tatsegula," anatero adokotala. "Tsopano phazi ndilo litiuze ngati lalandira."

Phazilo linali kutali, pansi pa bulangeti, lili chete ngati la munthu wina. Mayi Liwiro ankaopa ngakhale kuyesa kugwedeza zala.

Fungo la guluu linalowa m'wodi mwini wake asanafike. A Zigamba anabwera atavala jekete lawo la maulendo, m'khwapa muli chidutswa cha katoni, pensulo ili kukhutu. Anaima pafupi ndi bedi n'kuwerenga ndi chala mapazi omwe anatukula bulangeti.

"Limodzi, awiri. Aa, kodi sanadule? Ndiye tapsa."

"Tapsa bwanji, bambo inu?"

"Muvala chiyani potuluka muno?"

Mayi Liwiro anatembenuza mutu. "Musandiuze kuti munaduladi."

"Mawu a mkazi wanga ndi lamulo. Yofiira ija ili kuchidendene kwa wometa tsitsi. Lamba wa yakuda akugwira chikwama cha aphunzitsi. Yamaluwa ija ndinaigawa pawiri, theka lili ndi mnyamata wa njinga, theka ndi mayi wa pagolosale. Mwendo wanu unkadwala, koma nsapato zanu zayenda tauni yonse. Ina ndamva yakwera basi."

Mayi wa pabedi loyandikana, yemwe anakhala duu tsiku lonse, anaseka mpaka diripi yake kugwedera. Mayi Liwiro analuma mlomo, dzanja lili pabandeji.

"Zonse? Simunasiyeko n'imodzi yomwe?"

"Ndinazisunga kunsi kwa thebulo mwezi wathunthu. Inu tsiku lililonse, 'Mwadula? Mwadula?' Ndikanatani?"

"Munthu akamalankhula atapsa mtima mumamvera?"

"Ndikapanda kumvera, mlandu. Ndamvera, mlandu. Mayi inu pabedipo, mundiweruzire."

"Ine musandilowetse," anatero mayi uja akupukuta misozi. "Wanga sanamverepo chibadwire."

A Zigamba anasolola katoni m'khwapa. "Chabwino. Ndabwera kudzayeza. Ndisoka zatsopano."

Kumwetulira kwa Mayi Liwiro kunazima. "Musayeze chinthu chomwe mwina mawa kulibe."

Amuna awo anayang'ana anesi omwe ankadutsa ndi thireyi ya mankhwala.

"Yezani," anatero anesi, "bola mwendo usasunthe. Mukaupinda, ndikupindani inunso."

A Zigamba anapinda bulangeti pang'onopang'ono. Phazi limeneli ankalidziwa kuposa nkhope yawo. Miyezi yonseyi ndiwo ankalivindikira ndi masokosi awiri, ankalifumbata m'manja ngati mwanapiye wonyowa, koma osafunda. Anaimika katoni kuphazi, n'kugwira chidendene ndi dzanja lamanzere kuti chisasunthe.

Kenaka anangoti zii.

Mayi Liwiro sankatha kuona kumapazi. Anangomva kuti pakamwa pa amuna awo patsekeka, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatiranecho.

"Bambo, kwatani? Lada?"

A Zigamba anachotsa pensulo kukhutu n'kuyamba kulemba. Anazungulira chidendene, n'kukwera m'mbali. Pensulo itafika pakati pa phazi, pofewa paja, Mayi Liwiro anakuwa.

"Iii! Mukundigirigisha! Siyani!"

Phwete linaphulika lisanapemphe chilolezo. Zala zonse zisanu zinapindika zokha, katoni n'kugwa pansi.

"Amayi, dzanja pabandeji!" Anesi anaponya thireyi pampando n'kuthamanga. Anakanikiza pamphechepeche ndi zala zawo zolimba, nkhope itakwinyika. Mayi Liwiro ankayesa kudziletsa, koma akakumbukira nsapato yokwera basi, mimba inkagwederanso. Misozi inayenderera mpaka m'makutu.

Anesi anasuzumira pansi pa bandeji. "Pouma. Kachitsekero kagwira." Anapita kumapazi, n'kuika zala ziwiri pamwamba pa phazi, n'kumvetsera maso ali potero. Nkhope yawo inamasuka. "Mtsempha ukugunda. Ndipo latentha. Adokotala akondwa."

"Ndimati ndinene zomwezo," anatero a Zigamba. "Kungoti mawu anakana kutuluka. Likutentha ngati chitsulo chositira."

"Inu tulukani," anatero anesi. "Mundiphulitsira wodwala."

A Zigamba anatola katoni yawo. Mzere unayamba bwino kuchidendene, koma pakati unathawa n'kukatulukira kumphepete. Anauyang'ana n'kupukusa mutu.

"Ndikasoka motsata izi, mudzavala bwato."

"Mubwerenso mawa mudzayeze bwino," anatero Mayi Liwiro. "Likhalapo."

Anesi anakankhira bambowo kukhomo. Atafika pachitseko a Zigamba anatembenuka.

"Mukufuna yamtundu wanji?"

"Yofiira. Inzake ili kunyumba yokhayokha."

"Chikopa chofiira chinatha."

"Ndiye mukamuvule wometa uja."

Chitseko chitatsekeka, Mayi Liwiro anagona phee monga anawalamulira. Koma pansi pa bulangeti, pomwe anesi sankaona, ankagwedeza zala chimodzichimodzi.