Mimba Yotupa ya Mayi Wamasiye

Telala wina anakulitsa diresi ya mayi ake osaganiza kanthu. Mayiwo atabwera nayonso kuti aikulitse, telalayo anaona kuti mimba ikutupa chakumanzere pomwe mikono ikuonda. Mayiwo ankangolawa chakudya n'kunena kuti akhuta, ndipo akasesa pang'ono ankapuma wefuwefu.

Anthu apamsewu wawo sanachedwe kuwapezera matenda. "Wamasiye uja ali ndi pakati," ankanong'onezana choncho pampopi. Kukwaya anawauza kuti ayambe apuma kaye. Chifukwa cha manyazi, mayiwo anayamba kumanga mimba ndi nsalu mothinitsa.

Tsiku lina bambo ake aang'ono a telalayo analowa m'shopu osapereka ndi moni womwe.

"Mayi ako atichititsa manyazi. Atuluke m'nyumba ya malemu mkulu wanga, akakhale kwa mwini mimbayo!"

Telalayo anaimitsa makina mwaukali.

"Bambo, munthu akutha mukumuona, m'maso mwayera mbee, koma inu chomwe mwaona ndi nyumba? Munayamba mwawafunsapo kuti adzuka bwanji?"

"Usandiyankhe choncho, mwana iwe."

"Mundikhululukire, koma mawa tikupita kuchipatala. Mutiperekeze, mukamve ndi makutu anu."

Kuchipatala anawayeza magazi ndi kuwajambula m'mimba. Zotsatira zitatuluka, dokotala anafunsa mayiwo ngati achibale angamve nawo. Iwo anati, "Alowe, makamaka alamu angawo."

"Muno mulibe mwana," anatero dokotala. "Watupa ndi kapamba. Magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Mwa mayiwa mafutawo akudwala, ndiye kapamba ndi chiwindi zayamba kugwira ntchitoyo. N'chifukwa chake zakula."

Kenako analoza mizere imene nsalu inasiya pamimba. "Nanga izi? Kapamba wotupa sachedwa kuphulika. Mukanatha kutaya magazi m'kati."

"Ndimabisa, adokotala. Anthu amandiseka," anayankha mayiwo motsitsa mawu.

Telalayo anatembenukira bambo ake aang'ono, misozi ili lengelenge. "Mwamva? Pakamwa pa anthu pakanatiphera mayi."

Bambowo anatuluka nawo m'chipindamo. Ali panja anati, "Mlamu, ndinakulakwirani." Nkhani ya nyumba inathera pomwepo.

Mayiwo anawonjezeredwa magazi ndipo anayamba kumwa mankhwala. Dokotala anawauza kuti matendawa ndi okhalitsa, choncho asamaphonye masiku okaonedwa. Pang'onopang'ono mphamvu zinabwerera, chakudya chinayamba kulowa.

Amayi akukwaya atabwera kudzawazonda, telalayo anawapatsa mipando koma sanawabisire mawu.

"Mwabwera mochedwa, komabe khalani mumve. Munthu akamatupa mimba, akamafooka ndi kuyera m'maso, musamupekere nkhani. Musamumange nsalu, musamusisite mwamphamvu. Mutengereni kuchipatala msanga akayezedwe magazi. Miseche sinachizepo munthu."