Makina Tilipira, Diresi Ayi

Abwana athu ku ofesi ya inshuwalansi ali ndi lamulo lawo: munthu akabwera kudzamva za chipukuta misozi, yamba ndi nkhani yokoma, yowawayo ibwere pambuyo. Ine lamulo limeneli limandinyansa, koma wolembedwa ntchito alibe mlomo.

Lolemba kunabwera atelala, bambo achikulire amene shopu yawo inapsa ndi moto wa magetsi. Anakhala kutsogolo kwa desiki yanga, chipewa pabondo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Bambo," ndinatero, "makina anu osokera tilipira. Tebulo lodulirapo ndi mashelefu tilipiranso."

Ndisanafike pa "koma", abwana anandiitana. Nkhani yake? Makiyi a kabati! Anthu enatu, abale.

Pobwerera ndinapeza atelala ali pa foni, nkhope ili ngwee.

"Mayi, musadandaule, a inshuwalansi alipira zonse. Nsalu tigula ina, ndisoka osapuma. Mwana wanu Loweruka avala diresi lake."

Atadula foni ndinawafunsa kuti amalankhula ndi ndani.

"Amake a mkwatibwi. Diresi la mwana wawo linapsera momwemo, litangotsala manja okha kuti lithe."

"Bambo, paja sindinamalize. Inshuwalansi yanuyi imateteza katundu wanu inuyo. Zovala za makasitomala zimene munasunga sizili m'gulumo. Diresilo sitilipira."

"Koma linapsa ndi moto womwewo, mwananga."

"Womwewo, bambo. Koma diresilo si lanu."

Sanakalipe. Bola akanakalipa, okalipa ndinawazolowera. Anangovula tepi ija m'khosi n'kuyamba kuikulunga pachala pang'onopang'ono. Ndinawamvera chisoni, ndipo abwana aja ndinawakwiyira zenizeni.

"Mayi amenewa," anatero atelala, "diresi la ukwati wawo ndinasokanso ndine. Sindinawanamizepo."

Kenaka anatenga foni, kuimbanso nambala yomwe ija, n'kuiika m'manja mwanga.

"Pakamwa pangapa panena kale kuti zonse zili bwino. Muwauze ndinu, mwananga. Koma muyambire pa nkhani yowawayo, pamene munamalizira paja."

Ndinaiika kukhutu. Inaitana pang'ono chabe, mayi aja n'kuyankha akuseka, kumbuyo kwawo kukumveka atsikana akuyeserera nyimbo ya ukwati.