Chigamba cha Pamsana

"Amayi a Ziad, taimitsani kaye makinawo muone chimene ndatola!" anatero aphunzitsi a Medhat polowa m'kachipinda ka kuseri kwa holo, thumba lili paphewa, thukuta lili kamukamu.

Nagat, amene anthu ankamutcha amayi a Ziad, anachotsa phazi pa chopondera. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankasokera zovala kagulu ka zisudzo ka ku Desouk, anthu asanu ndi awiri amene masana ankagulitsa mankhwala, kuyendetsa matakisi kapena kuphunzitsa, n'kumadzasanduka mafumu ndi akuba akaweruka. Zogulira nsalu yatsopano kunalibe. Zovala zonse ankazitola pa kaunjika wa Lachinayi, Nagat n'kumazichepetsa kapena kuzikulitsa.

A Medhat, amene ankatsogolera kaguluko, anali mlendo kwathu kuno. Anali atangotha miyezi isanu chibwerereni kuchokera ku Alexandria, ndipo za m'tauni muno ankangodziwa zimene anthu anafuna kuti adziwe.

Anakhuthula thumba lija patebulo. Munatuluka malaya oyera, mathalauza awiri, kenako jekete labuluu la sukulu ya anyamata.

"Ndi limeneli! Limukwana Bassem, mnyamata wa m'sewero lathu, ngati anabadwa nalo."

Nagat analitembenuza jeketelo. Telala aliyense amaudziwa msoko wake. Pamsana pa jeketelo panali chigamba chachitali chochokera phewa ili kukafika phewa linalo, chosokedwa mwaluso kuti chizioneka ngati linabwera choncho kuchokera kusitolo. Nsalu yake inali ya thalauza lakale la mwamuna wake. Ulusi unali wakuda, chifukwa wabuluu unali utamuthera tsiku limenelo.

"Ntchito yake ndi yochepa," anapitiriza a Medhat. "Mutilembere pamsanapa ndi utoto woyera, zilembo zikuluzikulu, kuti ngakhale wokhala kumbuyo kwa holo awerenge. Mulembe kuti 'Chitsiru.' Zioneke ngati alemba ndi ana."

"Kodi seweroli ndi la chiyani, aphunzitsi?"

Sohair, mayi wanthabwala amene ankasewera ngati mphunzitsi wamkulu, anali pakona akuyesa nsapato. Anailumphira nkhaniyo msangamsanga.

"Aaa, ndi za ana asukulu basi, achemwali. Aphunzitsi, tiyi wanu akuzizira panjapo, tiyeni. Inu mukayamba kufotokoza mumamaliza tsitsi litamera pa dazi panupo."

A Medhat anaseka, koma sanamve chimene ankauzidwa.

"Ndi za mnyamata amene anzake amamuzunza tsiku ndi tsiku. Akauza aphunzitsi, samumva. Akauza makolo, amangoti alimbe mtima. Pamapeto pake amadzipha. Ndinawerenga nkhani yotere m'nyuzipepala. Zinachitikira kutali, koma ana athu ayenera kuziona."

Sohair anayang'ana pansi. Apa m'pamene Nagat anazindikira chifukwa chimene anzakewo ankamuthamangitsira msanga milungu itatu yonseyi, amvekere pitani mukapume amayi a Ziad, tiyeserera tokha. Ankamubisira, ndiye kuti ankadziwa. Kwathu kuno bodza la mnzako timalilera ngati mwana wamasiye, ndipo timakutcha kuchitirana chifundo.

"Ndikalembera kunyumba," anatero akupinda jeketelo.

Ziad, mwana wake wamwamuna yekhayo, anamwalira chaka chathachi ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ankati anagwa padenga la nyumba yawo yansanjika pothamangitsa nkhunda zake. Ndi zimene bambo ake, a Fikri, anauza dokotala, anauza kumzikiti, anauza aliyense wobwera kudzapepesa. Koma woyamba kukwera padengapo tsiku limenelo anali Nagat. Anapeza nsapato za mwanayo zitaikidwa bwinobwino moyandikana pafupi ndi khoma, wotchi ili m'kati mwa nsapato imodzi. Munthu wothamangitsa nkhunda savula wotchi. Anazibisa m'chovala chake ena asanafike.

Ziad ankakonda kusoka. Ankakhala pambali pa amayi ake n'kumaika mikanda pa madiresi aukwati, ndipo dzanja lake linkaposa la mlongo wake. Wina anamuonera pawindo, ndipo kuyambira pamenepo kusukulu kunamuwawira. Tsiku lina anabwera atapanira jekete m'khwapa, maso ali psuu, nati sapitanso. Pamsana pa jeketelo anzake anali atalembapo ndi utoto. Nagat anachapa utotowo katatu koma sunachoke. Anasokapo chigamba, namuveka, namuuza kuti, "Mwamuna salira ndi zilembo. Ukapanda kuwasamala atopa okha." Mwanayo anadziyang'ana pagalasi nati, "Zikomo amayi, sizikuoneka." Anakhala ndi moyo milungu ina isanu ndi umodzi.

"Zikomo" ameneyo ankamudya Nagat kuposa maliro enieniwo.

Atafika kunyumba anapeza a Fikri atabwerako kusitolo yawo ya zitsulo, akudya mkate ndi nyemba. Mwana wawo wamkazi, Shaimaa, ankasita zovala. Nagat anaika jekete patebulo ndipo a Fikri anasiya kutafuna.

"Walitenga kuti limeneli, make Ziad?"

"Lachokera pa kaunjika. Ndinakupemphani kuti ili lokha mulisiye."

"Ndinachita mwamwambo. Masiku makumi anayi akakwana, zovala za womwalira zimapita kwa osauka kuti iye apeze nazo chifundo. Ndikanalota kuti osaukawo akazigulitsa?"

Nagat anawafotokozera za sewero lija. "Akufuna ndilembepo chitonzo. Ine ndikuti ndilemberenji, poti chilipo kale pansi pa chigambachi."

A Fikri anadzuka n'kukatseka windo.

"Wapenga kodi? Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Mwana wathu anagwa. Anamupempherera ngati wina aliyense, anagona pafupi ndi agogo ake. Ukufuna ukamufukule?"

"Aliyense akudziwa, bambo a Ziad."

"Kudziwa n'kwina, kunena n'kwina! Malinga sizinachoke pakamwa pathu, palibe angatiloze chala. Ukalitenthe."

Shaimaa anaimika simbi. Anali atatomeredwa ndi Hatem, mwana wa banja lochita malonda a mpunga, ndipo ukwati unali utatsala miyezi iwiri. Amayi ake a Hatem, a Hajja Zeinat, anali atafufuza mtundu wa mtsikanayo mpaka agogo a agogo asanavomere.

"Amayi, a Hajja anandifunsa maso ndi maso kuti Ziad anafa bwanji. Ndinalumbira kuti anagwa. Mukachita zimenezo, mphete iyi abwera kudzaitenga. Iye anapita, amayi. Ine ndilipo."

"Wamva?" anatero a Fikri. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo."

Nagat anamuyang'ana mwana wakeyo ndipo mtima unamupweteka, chifukwa zonse zimene ananena zinali zoona.

M'mawa mwake anatenga beseni lachitsulo, parafini ndi machesi, n'kukwera padenga. Chaka chathunthu anali asanapondepo. Nkhunda anazigulitsa kale, khola linali pululu. Ananunkhiza kolala ya jekete lija, koma linkangonunkha fumbi la pamsika. Analiyala m'beseni msana uli m'mwamba, ndipo maso ake anagwera pa msoko uja. Unali wowongoka, wothithikana, wopanda poti apa dzanja linanjenjemera. Chiyambireni kugwira singano anali asanasokepo chinthu chokongola ngati chigamba chimenechi, ndipo anachita manyazi aakulu. Mwana anabwera ndi bala, iye n'kubisa balalo mwaluso. Tsopano ankafuna kubisanso ndi moto.

Anabweza machesi m'thumba. Anatulutsa lezala limene ankayenda nalo n'kuyamba kudula ulusi wakuda uja umodziumodzi.

Masana a Medhat anatambasula jeketelo pamaso pa gulu lonse. Utoto unali utasuluka, koma zilembo zinkawerengeka: MKWATIBWI. M'munsi mwake wina anajambulamo kamaluwa.

"Eee, izi ndiye zenizeni! Mwatani kuti zioneke zakale chonchi? Komatu ine ndinati 'Chitsiru.'"

"Sindinalembe ndine, aphunzitsi. Analemba ndi anzake a mwana wanga. Jeketeli ndi la Ziad."

Sohair anagwira pakamwa. A Medhat anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana.

"Mundikhululukire, amayi. Anandiuza kuti inali ngozi. Tipeza jekete lina. Kapena tingolisiya sewero lonseli."

"Mukalisiya ndiye kuti nanunso mwasoka chigamba."

"Achemwali, ganizirani Shaimaa," ananong'ona Sohair. "Walira mvula walira matope."

"Ndamuganizira, ndipo sadzandikhululukira."

Anatembenukira kwa Bassem, wophunzira wapakoleji wowonda amene ankasewera mnyamata wozunzidwayo.

"Iwe mwanawe, pamapeto umatani?"

"Ndimakuwa, amayi, kenako magetsi amazima."

"Usakuwe. Iye sanakuwe. Ndinali pansi pomwepo ndikukazinga mabilinganya, sindinamve kanthu. Uvule nsapato, uziike moyandikana, wotchi uike m'kati. Anali mwana waudongo."

Loweruka masana holo inadzaza, poti masukulu anabweretsa ana. Poyamba anyamata ankaimba malikhweru ndi kuponyerana makoko a njere. Bassem atatembenuka n'kuwapatsa msana, ana a kutsogolo anaphulika chiseko. Chisekocho chinayenda mpaka pakati pa holo, pamene panakhala a kalasi ya Ziad, n'kufera pomwepo. Ena anaweramitsa mitu. Mmodzi anadzuka n'kutuluka chothamanga, mipando ikugwa. Pamene Bassem ankavula wotchi, mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ziad!" Nsalu yotchinga itatsekedwa palibe anaomba m'manja. Nagat anali ataima kuseri, lumo lake lili m'manja, osalira.

Akuluakulu oyang'anira holo anati seweroli lisachitikenso.

Lolemba kunabwera azakhali ake a Hatem. Tiyi anamukana. Anati a Hajja alibe mawu ambiri, angoti banja lawo silikwatira kumene kuli zoterezi, makamaka kumene anthu amalumbira zabodza. Shaimaa anavula mphete yekha n'kuiika m'mbale. Mlendoyo atatuluka, mtsikanayo anayang'ana amayi ake maso ali gwa.

"Mwasankha wakufa, amayi."

"Iwe ndakuikira kumbuyo chaka chathunthu. Iye sindinamuikireko kumbuyo ngakhale tsiku limodzi."

Mawuwo anali oona, koma sanabweze mphete. Lachitatu Shaimaa analongedza chikwama n'kupita kwa azakhali ake ku Tanta osatsanzika. A Fikri anayamba kudyera kusitolo. Amayi a atsikana otomeredwa ankabwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo, aliyense ndi chifukwa chake chabwino, chifukwa palibe ankafuna diresi laukwati lochokera m'nyumba imeneyo. Nagat anatsala ndi makina ndi mashelefu opanda kanthu, ndipo ankamusowa mwana wake wamkazi mpaka chakudya chinkamukanika.

Patatha milungu itatu, chakumasana, kunagogoda mayi wina wachilendo wochokera kumidzi ya kutsidya kwa mtsinje. Za sewero anali asanamve. Anangouzidwa pamsika kuti kuno kuli telala wodziwa kubisa msoko. Anatulutsa malaya asukulu m'pepala, akuseka mwamanyazi.

"Ana ndi ana, mayi. Anzake amulemba zopusa pamsanapa, ndachapa zakana. Bambo ake akaona amukwapula. Mungoikapo kachigamba kosaoneka, mawa apite kusukulu."

Nagat anawatembenuza malayawo n'kuwerenga. Anali aang'ono kuposa a Ziad.

"Iyeyo akuti chiyani?"

"Akuti sapitanso. Ndamuuza kuti asawasamale, atopa okha."

"Panopa ali kuti?"

"Kunyumba."

"Ali ndi ndani?"

"Ali yekha. Bwanji kodi?"

Nagat anavundikira makina ndi nsalu. Anamanga mpango wake kumutu, natenga malaya aja osawapinda, zilembo zili poyera.

"Chigamba sindiika. Tiyeni mukandionetse mwanayo. Fulumirani, nkhani ndikuuzani panjira."